Njerwa za Rinze Pasikelo

Rinze Bouma wa ku Dokkum anatha zaka 49 ali chigwadire. Osati kutchalitchi ayi, uko ankangoonekera pamaliro. Ankagwada pamchenga, hamala kudzanja, kuyala njerwa m'misewu kuti anthu aziyendapo osathokoza. Sukulu anaitaya ali ndi zaka 15, ndipo aphunzitsi sanalire. Bambo ake anangomupatsa wilibala, amvekere: "Yamba ndi mchenga, njerwa sunafike pozigwira." Mpaka lero mukamayenda naye m'tauni sayang'ana nkhope za anthu, maso ali pansi. "Apa ndinayala ndine. Apo panayala chitsiru china cha ku Leeuwarden, taonani madzi adikha ngati dziwe la abakha."

Ndi chimunthu chachikulu, makilo 118. Nambala imeneyi muisunge, ibweranso.

Maondo atatha, Rinze anali atakonza kale ukalamba wake: shedi kuseri kwa nyumba, wailesi, khofi wa teni koloko, masana kutukwanako boma pang'ono. Anangoiwala kufunsa Baukje. Mkazi wakeyo anagwira ntchito zaka 30 kunyumba yosamalira okalamba, ndipo anaona anthu ambiri akufa ali chiyang'anire windo limodzi.

"Ine sindifera pawindo, bambo," anatero tsiku lina akusenda mbatata. "Tikugulitsa nyumba."

"Tizikagona kuti? M'khola la nkhosa?"

"M'kampa."

Kampa mukuidziwa, zigalimoto zoyera zija zokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi mkati, zimene zimatseka msewu chilimwe chonse. Rinze ankadana nazo kuyambira kale chifukwa zimafinya njerwa za m'mphepete mwa msewu. Analalata miyezi itatu. "Munthu wamutu wake angagulitse nyumba n'kugula kabati ya matayala?" Ananyanyalanso chakudya tsiku lina, mpaka folo koloko. Baukje anangoitana munthu kudzajambula nyumbayo kuti aiike pamsika.

Chimene chinamupsetsa mtima koposa chinali wogula. Mkuluyo anaima pakhomo, manja m'matumba, n'kuloza kanjira kochokera pageti. "Njerwa izi zokha tizula. Tiikapo udzu wapulasitiki, susowa kutchetcha."

Kanjira kameneko Rinze anayala ndi bambo ake sabata yoti akwatira. Bambo akewo anali munthu wosayamika. Pantchito iliyonse ankapezapo cholakwa. Koma tsiku limenelo anagoneka levulo yoyezera kupendekeka panjerwazo, anayang'ana kathovu ka m'levulomo nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Hm." Basi. Chaka chotsatira anamwalira, ndipo "Hm" ameneyo ndiye chiyamiko chokhacho Rinze analandira kwa iwo.

Ndiye m'mawa wa tsiku lopereka makiyi, Baukje anamupeza atazula njerwa 60 za pakhomo penipeni, akuzisanja pansi pa bedi la m'kampa.

"Bambo, zimenezi n'chiyani?"

"Khonde langa."

"Mukupita nalo kuti?"

"Kumene mukundikokerako. Njerwa zikatsala, nanenso nditsala. Sankhani, mayi."

Baukje anayang'ana wotchi, anayang'ana mwamuna wake, n'kukapachika kalendala ya masiku obadwa a abale kuchimbudzi cha m'kampamo, monga inkakhalira kunyumba. Ananyamuka.

Za moyo wa m'kampa Rinze sanakondepo ngakhale chimodzi. Pamwamba pa chitseko panali kabati imene inkamugogoda pamphumi m'mawa uliwonse, mpaka anaipatsa dzina la foromani wake wakale kuti azitukwana chinthu chodziwika. Posamba, chigongono chinkatsegula chitseko. Akafuna kudutsa, Baukje ankayenera kukhala pansi. Baukje akamaphika, iye ankayenera kutuluka panja ngati galu. Masiku awiri aliwonse ankasolola chigubu cha kuchimbudzi n'kuyenda nacho kukakhuthula, kudutsa pakati pa Ajeremani amene akudya buledi wawo panja. Onse kumupatsa moni mwansangala.

"Akusekerera chiyani?" ankafunsa pobwera. "Munthu wanyamula zonyansa za banja lake, iwo ati mwadzuka bwanji!"

Pamsewu oyendetsa makampa amakwezerana dzanja akakumana. Rinze anakana. "Ndi m'bale wanga? Ndikamakweza dzanja kwa aliyense amene mkazi wake anamupusitsa, mkono uthothoka." Baukje ankakweza manja awiri, lina lake lina la mwamuna wake.

Koma nkhondo yeniyeni inali poima. Anthu ena akafika pamalo amazimitsa injini n'kutulutsa mipando. Rinze ayi. Ankagoneka levulo patebulo, n'kuyamba: kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono, thabwa pansi pa tayala la kumanzere, Baukje ali panja pamvula akukuwa kuti basi. Kathovu kakapanda kukhala pakati, iye sankagona, ati magazi akutsikira kumutu. Kenako ankasalaza dothi la pakhomo ndi thabwa, kugwada ndi maondo ake otha aja, n'kuyala njerwa zonse 60, iliyonse pamalo pake. Ola lathunthu. M'mawa kuzula, kupukuta imodziimodzi ndi bulashi, kusanja. Anzawo ankanyamuka eyiti koloko, iwo leveni.

Anthu ankamujambula. Wina wa ku Belgium anamufunsa ngati mawa abweretsanso mpanda ndi bokosi la makalata. Rinze anamuyankha mawu amene sitingalembe pano.

Komabe, akamaliza kuyala, ankakhala pasitepe ya kampa, kapu ya khofi m'manja, mapazi panjerwazo, ndipo kwa mphindi khumi sankatukwana munthu. Baukje ankaziona. N'chifukwa chake anapirira Denmark yense ndi theka la Sweden.

Pofika ku Norway kupirirako kunali kutatha. Chimene Baukje ankafuna chinali chimodzi: kukafika kumpoto kwenikweni, kumene chilimwe dzuwa limawala usiku wonse, lisanayambirenso kulowa. Miyezi iwiri inali itapita, iwo akadali kufupi ndi Trondheim.

"Dzuwa lija litithera inu muli chigwadire," anatero.

"Lidzatulukanso chaka chamawa. Silinagulitse nyumba ilo."

Lachinayi m'mawa, mvula ikuwaza, mayi wina wa boma woona za magalimoto, wovala jekete lachikasu, anaima pamsewu n'kuwalozera kuti apatuke. Panali kanyumba kamatabwa ndi sikelo ya magalimoto, chitsulo chachikulu chokwiriridwa pansi. Rinze anakweza kampa pachitsulopo. Manambala ofiira anayaka pakhoma: 3,730.

Chingerezi cha Rinze ndi mawu atatu, awiri mwa iwo otukwana, choncho womasulira anali Baukje.

"Akuti talemera. Galimoto iyi ndi laisensi yanu malire ake ndi 3,500. Sitichoka pano mpaka makilo 230 atatsika."

"Muwauze kuti sikelo yawoyo ndi yabodza ngati ya wogulitsa nsomba."

Baukje anatembenukira kwa mayi uja. "Akuti pepani, sitimadziwa."

Anayamba ndi madzi. Rinze anatsegula thanki, malita 100 n'kuthira m'ngalande, akung'ung'udza kuti dziko lonse lili madzi okhaokha koma ake ndiwo alakwa. Kenako mbatata. Baukje anachoka ku Dokkum ndi matumba awiri chifukwa mbatata zakunja ndi zamadzi, ndipo zinali zitatsala makilo 20. Anakapereka yekha kwa dalaivala wa lole wa ku Poland amene anaima kumbuyo kwawo, ndipo pobwera milomo inali itauma.

Anakweranso pasikelo, onse awiri ali mkati. 3,610.

"Njinga," anatero Rinze.

"Njinga ndiyo miyendo yathu."

"Makina anu osokera."

"Makilo 9, bambo. Njinga ziwiri 50. Tawerengani, paja masamu oterewa mumawatha."

Rinze anawerenga. Anaonjezapo tchizi, mabotolo a chiponde, mipando, mphika waukulu. Sizinakwane. Anawerenganso, ngati kuti manambala angamumvere chisoni.

"Mukuzungulirazungulira chiyani?" anatero Baukje. "Zili pansi pa bedi. Imodzi makilo awiri."

Rinze anafiira khosi lonse. "Sikelo iyi ndi yopendekeka! Ndaona pokwera. Aliyense amene anaika chitsulo ichi sanagwirepo levulo chibadwire!" Anatsomphola levulo yake, anatsegula chitseko, n'kutsika kuti akawaonetse. Anayenda mpaka kumapeto kwa chitsulocho, anaponda phula, anagwada, n'kugoneka levulo m'mphepete.

Kathovu kanali pakati penipeni. Sikanagwedezeke n'komwe.

Atadzutsa mutu anaona mayi wa jekete uja akukweza chala chachikulu. Manambala anali atasintha: 3,492.

Baukje anayang'ana manambalawo, anayang'ana mwamuna wake ali panja pa sikelo. Kenako, pang'onopang'ono, anasuntha n'kukhala pampando wa dalaivala. Anaukokera kutsogolo, anakonza kalilole, n'kutsitsa galasi.

"Bambo, mwamva? Akuti zakwana."

"Zakwana bwanji? Ine ndili panja!"

"Eya. Njerwa zanu zikhoza kupita kumpoto, kapena inuyo. Sikelo ilibe nazo ntchito."

"Mayi, musachite masewera pamaso pa anthu."

"Masewera?" Apa ulemu unathera pompo. "Iwe Rinze, tandimvera. Zaka 44 ndakhala ndikufunditsa chakudya chako iwe ukumaliza mzere wa njerwa. Ukuyesa wasiya nyumba ndiwe wekha? Kabati ya amayi anga ili kuti? Mtengo wa mapeyala umene ndinabzala mwana wathu Femke atabadwa ndinaunyamula? Ndinalirira kubafa kuti usandione, chifukwa wofuna ulendo ndinali ine. Iwe wasenza khomo lako pamsana, ndipo tsiku lililonse ukundikwapula nalo. M'mawa njerwa, madzulo njerwa. Mapiri onse tadutsawa waonapo limodzi? Waona dothi! Mbatata zanga zapita ku Poland, ndipo iwe ukuti makina osokera?"

"Munavomera nokha ku Dokkum."

"Ndinavomera kutenga mwamuna wanga. Sindinadziwe kuti ndatenga manda a bambo ake."

Baukje analiza injini.

Rinze anaima pamvula, levulo m'manja ngati mwana wolandidwa mpira. Dalaivala wa ku Poland anali atatsamira lole yake, akuonera ulere. Mayi wa jekete ankayang'ana pepala lake mwachidwi chachikulu, ngakhale linali lopanda kanthu. Ndipo Baukje amayendetsa bwino kuposa Rinze, zimenezo Dokkum yense akudziwa kupatula Rinze.

Rinze anaponya levulo paudzu. Anazungulira kumbuyo kwa kampa, anatsegula kachitseko ka pansi pa bedi mwamphamvu moti kanatsala pang'ono kuguluka, n'kuyamba kutulutsa njerwa zinayizinayi. Ankatukwana Norway, ankatukwana wopanga makampa, ankatukwana udzu wapulasitiki. Koma njerwazo ankaziika pansi mofatsa ngati mazira.

Mayi wa jekete anabwera n'kunena kanthu. Ulendo uno Baukje sanakometse.

"Akuti pano saloleza kutaya zinyalala."

"Zinyalala?" Rinze anaongoka. "Zinyalala! Njerwa izi zinapsa agogo ake a mtsikanayu asanabadwe! Mahatchi anapondapo, malole anapondapo, palibe imodzi yosweka. Muwauze aone nsapato zawozo!"

Nsapato za mayiyo zinalidi matope okhaokha. Pakhomo pa kanyumba kaja panali chithaphwi, wina ataponyapo thabwa lowola kuti azidumphirapo. Rinze analiyang'ana thabwalo ngati lamutukwana mayi ake.

"Dziko lolemera chonchi, khomo ngati la khola la nkhumba. Alibe manyazi? Muwafunse ngati ali ndi fosholo."

Baukje anafunsa. Mayi uja anayang'ana chithaphwi, anayang'ana mulu wa njerwa, kenako anayang'ana kumwamba.

"Akuti iwo sanaone kanthu. Fosholo ili kuseri kwa chitseko, mchenga uli m'bokosi lachikasu ilo, umene amawaza pamsewu nthawi yachisanu."

Baukje anachotsa kampa pasikelo n'kuiimika pambali. Injini sanazimitse msanga. Anadikira mpaka fosholo italowa m'matope.

Inatenga maola atatu. Rinze anakumba matope onse mpaka pouma, anathira mchenga, anauponda ndi makilo ake 118, anakoka chingwe, anasalaza ndi thabwa. Dalaivala wina atadutsa pamchengapo anakuwiridwa m'chilankhulo chimene sankachidziwa, koma anamva, anabwerera chammbuyo akupepesa. Kenako Rinze anagwada. Maondo analira ngati chitseko chakale. Anatenga njerwa yoyamba, yong'ambika pakona, imene nthawi zonse inkakhala kumanzere kwa chitseko, anaikhazika, n'kuigogoda kawiri ndi hamala.

Anayala ngati minga ya nsomba, mmene anayalira ndi bambo ake, kupendeketsa pang'ono kuti madzi azithawa pakhomo. Pamzere wachitatu anatambasula dzanja osayang'ana, ndipo njerwa inalowa m'dzanjamo yokha. Baukje anali ataima kumbuyo kwake, nkhope ikadali yamkwiyo.

"Si imeneyi," anatero Rinze. "Yakuda ija."

"Landira imene wapatsidwa."

Analandira.

Pomaliza anawaza mchenga pamwamba n'kuusesera m'mipata. Mvula inali ikugwabe, ndipo madzi ankatsetsereka panjerwazo kulowera kuudzu, mwaulemu. Mayi wa jekete anapondapo, anadumphapo pang'ono, n'kulankhula mawu ambirimbiri othokoza. Rinze sanafunse n'komwe kuti akuti chiyani. Ankayang'ana Baukje, amene anatola levulo paudzu paja, anaipukuta ndi malaya, n'kuigoneka panjerwazo. Anawerama, anayang'ana kathovu nthawi yaitali.

"Hm," anatero.

Rinze anatembenuka msanga n'kuyamba kusaka hamala imene inali m'dzanja lake.

Anakwera pasikelo komaliza, onse awiri. 3,490. Woyendetsa anali Baukje, ndipo Rinze sanatsutse, chifukwa maondo anali atakana. Anayenda makilomita 80. Makampa anayi anakumana nawo, manja m'mwamba. Iye anapinda ake pachifuwa.

Madzulo anaima m'mbali mwa mtsinje. Rinze anachita zake za levulo, kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono. Atatha anatsegula chitseko, anagunda mutu pa foromani, anatsika, phazi n'kulowa m'matope mpaka m'kakolo.

"Mwaona? Mwaona zimene ndinkanena?"

"Vulani nsapato musanalowe."

Anaima panjapo, manja ali lende. Ola limene ankayala njerwa linali patsogolo pake, lopanda ntchito.

"Ndiye anthu amatani nthawi ino?"

"Amakhala pansi, bambo. Phiri ilo, liyang'aneni."

Anakhala pasitepe. Analiyang'ana phirilo ngati ntchito ya munthu wina. "Lapendekeka," anatero.

Anadya mbatata za m'sitolo ya ku Norway, ndipo onse awiri anagwirizana kuti ndi zamadzi. Chinali chinthu choyamba kugwirizana chichokere ku Dokkum. Rinze anakankha mbale.

"Chisanu chikatha mchenga uja utsika. Anthu aja sadziwa kusesera mchenga m'mipata, angoziyang'ana mpaka ziyambe kugwedera. Meyi tidutsenso."

Baukje anasiya foloko. "Meyi wa chaka chamawa? Ndiye kuti tidzakhala tikadali m'kabati ya matayala?"

"Ndanena zimenezo ine? Ndati tidutsenso. Ndipo mawa tinyamuke eyiti koloko, dzuwa lanulo tikalione nkhani ithe, ndatopa kumva za ilo."

Baukje anadzuka, anatenga cholembera, n'kulowa kuchimbudzi. Pakalendala paja, mwezi wa Meyi, pakati pa tsiku la Femke ndi la azakhali ena amene palibe amawakonda, analemba kuti: Njerwa. Atatuluka anapeza Rinze akulimbana ndi matope a kunsapato, akutukwana boma la Norway, limene silinamulakwire kanthu tsiku limenelo kupatula kukhala ndi sikelo yoona.